Mafunso ndi mayankho: kusamalira bala akakuchotsani kadontho ka pakhungu

Pafupifupi munthu aliyense ali ndi timadontho takuda kapena tofiirira pakhungu, tina tosalala, tina totukuka ngati kanjere. Madokotala amatitchula kuti mole kapena nevus. Tambiri tilibe vuto, koma nthawi zina dokotala amachotsa kadontho chifukwa kasintha maonekedwe, kakukhulana ndi kolala kapena lamba, kapena mwini wake watopa nako. Kuchotsako sikutenga nthawi. Ntchito yaikulu imatsalira inu kunyumba, ndipo maonekedwe a chipsera chanu amadalira kwambiri zimene mudzachite m'masabata oyambirira. Ngati dokotala wakupatsani malangizo osiyana ndi awa, tsatirani ake, poti iyeyo ndiye waliona bala lanu ndi maso.

Kodi mabala onse otsala akachotsa kadontho ndi ofanana?

Ayi, ndipo ndi bwino kudziwa mtundu wa bala lanu musanachoke kuchipatala. Kadontho kotukuka kosakayikitsa nthawi zambiri amangokameta pamwamba ndi kalumo, kuti pafanane ndi khungu lozungulira. Pamatsala bala losaya, longa la munthu amene wagwa n'kusupuka bondo. Limeneli salisoka. Limadzaza lokha kuchokera pansi ndi m'mphepete.

Kadontho kokayikitsa amakadula konse pamodzi ndi khungu pang'ono lozungulira, kufikira pa mafuta a pansi pa khungu, kenako n'kusoka. Ambiri amadzidzimuka akaona kuti mzere wosokedwawo ndi wautali kuposa kadontho kaja, mwina kuwirikiza katatu. Sikuti dokotala anaphonya. Amadula mwa mawonekedwe a tsamba, losongoka uku ndi uku, kuti khungu likumane bwino osasiya timatumba kumapeto. Palinso njira ya kachipangizo kozungulira ngati kachubu kakuthwa, kamene kamaboola kabala kakang'ono kofuna ulusi umodzi kapena uwiri.

Tsiku loyamba ndichite chiyani?

Musachite zambiri. Siyani bandeji imene anakumangani kuchipatala ikhale pomwepo, yowuma, kwa maola 24 kapena 48, malinga ndi mmene anakuwuzirani. Jakisoni wochititsa dzanzi amatha mphamvu pakapita maola ochepa, ndiye musadabwe madzulo mukayamba kumva kuwawa kumene masana kunalibe. Ngati bala lili pamwendo kapena pamkono, muziukweza pa pilo mukakhala kapena mukagona. Ngati lili kumaso kapena kumutu, gonani mutu uli pamwamba pang'ono, ndipo pewani kuwerama kwambiri. Bala la pamphumi likhoza kutupitsa zikope m'mawa mwake, ndipo kutupako kumaphwa kokha.

Magazi akutulukabe. Nditani?

Kadontho ka magazi pa bandeji n'kosadetsa nkhawa. Koma ngati akuyenderera, tengani kansalu koyera kapena gauze, muike pamwamba pa bandejiyo, mutsindike mwamphamvu kwa mphindi 15 mpaka 20 osaleka. Yang'anani wotchi, chifukwa mphindi 15 ndi zazitali kuposa mmene timaganizira. Cholakwa chofala n'chakuti munthu amatsindika pang'ono, n'kusuzumira kuti aone ngati asiya, n'kutsindikanso. Kusuzumira kulikonse kumasokoneza magazi amene ayamba kuundana, ndiye mumayambanso pachiyambi. Mukatsindika kawiri motero koma magazi osaleka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi ngati pansi pa bala patupa msanga, polimba ndi powawa kwambiri, chifukwa mwina magazi akusonkhana mkati.

Nanga ndizilitsuka bwanji?

Nthawi yochotsa bandeji yoyamba ikakwana, yambani mwasamba m'manja ndi sopo. Bandeji ikamatirira, musaizule. Inyowetseni ndi madzi oyera mpaka imatuke yokha. Tsukani bala ndi madzi oyera ndi sopo wamba wosanunkhira, mopepuka, osakwecha. Pukutani mochita kugunditsa kansalu koyera. Kenako pakani mafuta a petroleum jelly, monga Vaseline, pang'ono chabe, n'kuphimba ndi pulasitala kapena bandeji yatsopano yosamatirira pabala. Chitani zimenezi kamodzi patsiku, ndiponso nthawi iliyonse bandeji ikanyowa kapena kuda.

Potapa mafutawo musapise chala m'botolo limene banja lonse limagwiritsa ntchito. Tsegulani latsopano, ndipo muzitapa ndi kamtengo kathonje koyera. Thonje lomasuka musaliike pabala penipeni, chifukwa timaubweya take timakanirira. Ngati anakumatani timapepala topyapyala topingasa bala, musatimatule. Timasupuka tokha pakapita masiku.

Kodi si bwino kulisiya poyera kuti liwombedwe mphepo, liume msanga?

Apa ndipo ambiri timalakwitsa, ndipo timalakwitsa ndi mtima wabwino. Tinakula tikumva kuti chilonda chikapanga nkhanambo ndiye kuti chikupola. Zoona zake n'zakuti nkhanambo imachedwetsa kupola. Khungu latsopano limapangika pamene maselo a m'mphepete mwa bala akukwawa kupita pakati. Pamalo ponyowa pang'ono amakwawa mosavuta. Pakakhala nkhanambo yolimba, amayenera kudzera pansi pake, kufunafuna chinyezi, ndipo ulendowo umatalika. M'chaka cha 1962 wasayansi wa ku Britain, George Winter, anayesa zimenezi pa mabala osaya a pakhungu la nkhumba. Anapeza kuti mabala ophimbidwa, osungidwa ndi chinyezi, amamera khungu latsopano mofulumira pafupifupi kawiri kuposa osiyidwa poyera. Kuyambira pamenepo kasamalidwe ka mabala m'zipatala kanayamba kusintha.

Nkhanambo ilinso ndi vuto lina: imayabwa, imang'ambika mukasuntha, ndipo dzanja limapitako lokha. Mukaitong'ola mumachotsa ndi khungu lanthete limene linali pansi, magazi n'kuyambanso, chipsera n'kukula. Ndiye cholinga cha mafuta ndi bandeji zija n'chakuti nkhanambo isapangike n'komwe. Ikapangika kale, musaikanganule. Pitirizani kupaka mafuta, idzafewa n'kugwa yokha.

Koma chinyezi si kunyowa kwa chinthu choviikidwa. Mukaona khungu lozungulira bala layera ndi kuchita makwinya ngati zala za munthu wochapa nthawi yaitali, ndiye kuti mafuta achuluka kapena bandeji yakhalitsa yonyowa. Chepetsani mafuta, sinthani bandeji pafupipafupi.

Ndingapakepo spirit kapena hydrogen peroxide kuti majeremusi afe?

Musatero, pokhapokha dokotala atakuwuzani. Mankhwala amenewa amaphadi majeremusi, koma amapsetsanso maselo atsopano amene mukuwadikira kuti atseke bala. Kuwawa kumene mumamva mukathira spirit si umboni wakuti akugwira ntchito. Bala limeneli linadulidwa ndi zipangizo zoyera pakhungu lotsukidwa, choncho sopo ndi madzi n'zokwanira.

Mafuta okhala ndi antibayotiki nawonso si ofunika pa bala loyera ngati ili. Petroleum jelly amagwira ntchito mofanana, pamene mankhwala monga neomycin ndi bacitracin amawenga anthu ena, n'kuwatulutsa totupa toyabwa timene munthu amaganiza kuti ndi matenda alowa. Zopakapaka zina zimene achibale ndi anzanu angakubweretsereni, alandireni mwaulemu koma pabala zisafikepo.

Ndimwe mankhwala anji a ululu?

Paracetamol amakwanira kwa anthu ambiri. Munthu wamkulu asapitirire magalamu 4 pa maola 24, omwe ndi mapilisi 8 a 500 mg, ndipo amene ali ndi vuto la chiwindi afunse kaye dokotala. Aspirin ndi ibuprofen akhoza kuwonjezera kutuluka kwa magazi m'masiku oyamba, ndiye funsani musanamwe. Koma ngati dokotala anakulemberani aspirin, warfarin kapena mankhwala ena ochepetsa kuundana kwa magazi chifukwa cha mtima kapena sitiroko, musawasiye panokha. Kuopsa kowasiya n'kwakukulu kuposa kwa magazi a pabala laling'ono.

Ululu uyenera kumachepa tsiku ndi tsiku. Ukayamba kukula pa tsiku lachitatu kapena lachinayi, chimenecho n'chizindikiro chofuna kuchiyang'ana.

Ndiyambe liti kusamba?

Maola 24 mpaka 48 akadutsa mukhoza kusamba, madzi n'kumayenderera pabala osalikwecha. Chosafunika ndi kuliviika: kukhala m'bafa lodzaza madzi, kapena kusambira m'dziwe, m'nyanja ndi mumtsinje. Zimenezo zidikire mpaka ulusi utachotsedwa ndipo khungu litatsekeka. Ngati bala lili pamalo pometa ndevu, lezala izilambalala.

Bala ndi laling'ono. N'chifukwa chiyani akundiletsa kunyamula zolemera ndi kuchita masewera?

Chifukwa kutsekeka pamwamba si kulimba. Pakatha sabata imodzi, khungu losokedwa limakhala lisanagwirane kwenikweni, ulusi ndiwo umalisunga. Pakatha masabata atatu limakhala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu zake zakale. Pakatha miyezi itatu limafika cha pa 80 peresenti, ndipo pamenepo ndipo limalekezera. Chipsera sichilimba ngati khungu lobadwa nalo.

N'chifukwa chake masiku otsatira kuchotsa ulusi ndi oopsa kuposa mmene ambiri amaganizira. Munthu amaona kuti wachira, n'kunyamula katundu, bala n'kung'ambika. Ngakhale lisang'ambike, kukokedwakokedwa kumapangitsa chipsera chimene chikanakhala kamzere kukhala chotambasuka. Malo ovuta ndi msana, mapewa, chifuwa ndi pafupi ndi mfundo monga bondo ndi chigongono, poti khungu la pamenepo limakokeka nthawi iliyonse mukasuntha. Kwa masabata awiri pewani chilichonse chokoka pamalopo, ndipo ngati ndi pamsana kapena paphewa, kuwonjezera sabata ina kapena ziwiri si kutaya nthawi. Kuyenda wamba kulibe vuto. Bala longometa silidandaula kwambiri ndi zimenezi, bola lisakhulike ndi zovala.

Likatseguka, liphimbeni ndi bandeji yoyera ndipo muonane ndi dokotala tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Nthawi zambiri salisokanso, amalisiya lidzaze lokha, koma iye ndiye ayenera kugamula.

Ulusi amachotsa liti?

Zimadalira malo. Kumaso, kumene magazi amayenda bwino, ndi pakapita masiku 5 mpaka 7. Pamutu ndi masiku 7 mpaka 10. Pamikono, pachifuwa, pamsana ndi pamiyendo ndi masiku 10 mpaka 14. Musadumphe tsiku limene anakupatsani. Ulusi ukakhalitsa umasiya timadontho mbali zonse ziwiri za chipsera, ndipo ukachoka msanga bala limayasama. Musauchotse nokha.

Pali ulusi wina wosungunuka wokha umene amasokera mkati. Umatenga masabata kapena miyezi kuti uthe, ndipo nthawi zina thupi limaukankhira kunja. Mumaona kachiphuphu pamzere wa chipsera, kenako kansonga ka ulusi. Si zoopsa. Namwino akhoza kukadula.

Pabala pali zinthu zachikasu. Kodi ndi mafinya? Ndingadziwe bwanji kuti matenda alowa?

Si zachikasu zonse zimene zili mafinya. Bala longometa nthawi zambiri limakhala ndi kanthu konga kansalu, koyera kapena kachikasu, pansi pake, komamatira, kosanunkha. Kameneko ndi mbali ya kupola, musakakweche. Timadzi tochepa toyera kapena tofiirira pa bandeji natonso n'tachibadwa, monganso kamzere kofiira kopyapyala m'mphepete.

Chizindikiro chenicheni cha matenda ndi kusintha kopita koipa. Zinthu zinali bwino, kenako pa tsiku lachitatu, lachinayi kapena kupitirira, ululu ukukula, pakuchita kugunda ngati mtima, patupa, pakutentha mukakhudza, kufiira kukufalikira. Mafinya enieni ndi olimba, ochuluka, nthawi zina onunkha. Pakhungu lakuda kufiira sikuoneka bwino, ndipo izi zimachedwetsa ambiri kupita kuchipatala. Musadalire mtundu wokha. Yerekezani ndi mbali ina ya thupi: kodi pamenepo pada kwambiri kapena pachita ngati papepo, pakunyezimira, palimba, pakutentha kuposa mbali inayo? Mukaona zimenezi, onanani ndi dokotala msanga.

Musadikire n'komwe ngati thupi latentha kufika madigiri 38, mukunjenjemera, mizere ikuchokera pabala kukwera mkono kapena mwendo, kapena mwatuluka mwanabere wowawa m'khwapa, m'khosi kapena m'mphechepeche. Ndipo musamwe maantibayotiki otsala a matenda ena. Akhoza kukhala osayenera, n'kungobisa vuto.

Pakuyabwa kwambiri. Ndi bwino?

Kuyabwa pang'ono kumabwera ndi kupola. Musakande, ingotsindikani pambali pake kapena muikepo kansalu kozizira pamwamba pa bandeji. Koma ngati payabwa koopsa, n'kutuluka totupa kapena timatuza totsata ndendende pomwe panamatidwa pulasitala, ndiye kuti zomatira zake zikukuwengani. Sinthani, mugwiritse ntchito gauze ndi tepi yapepala, ndipo muzisinthasintha mbali yomatira. Dzanzi pang'ono pozungulira chipsera limachitikanso chifukwa cha timitsempha tating'ono todulidwa, ndipo nthawi zambiri limachepa m'miyezi.

Kodi chipsera chidzatha?

Kutheratu ayi. Paliponse pamene khungu ladulidwa mozama pamatsala chipsera, ndipo amene angakulonjezeni kuti sipadzaoneka kalikonse sakunena zoona. Koma chimene mukuona mwezi woyamba si chimene mudzakhale nacho. Chipsera chimayamba chofiira kapena chakuda, cholimba, chotukuka pang'ono, ndipo chimapitiriza kufewa ndi kuzilala kwa chaka chathunthu, mwina kufika miyezi 18. Musachiweruze msanga.

Bala likatsekeka kwathunthu, osati lisanatseke, pali zimene zimathandiza. Chodalirika kwambiri ndi silikoni yopangidwira zipsera, kaya yomata ngati pulasitala kapena yopaka ngati mafuta, yoikidwa kwa maola 12 kapena kuposerapo patsiku kwa miyezi iwiri kapena itatu. Kusisita chipsera ndi chala mopepuka kwa mphindi zingapo patsiku, dokotala akavomereza, kumathandiza kuti chifewe. Mafuta a vitamini E amatchuka kwambiri, koma kafukufuku sanaonetse kuti amakonza chipsera, ndipo ena amawatulutsa totupa.

Nkhani yofunika kuikhalira pansi ndi ya keloid. Chipsera china chimatukuka koma n'kukhala m'malire a bala, ndipo chimenechi nthawi zambiri chimaphwa pang'onopang'ono. Keloid ndi yosiyana: imakula kupyola malire a bala, yolimba, yonyezimira, yoyabwa kapena yowawa, ndipo ikhoza kuyamba patapita miyezi bala litapola. Imachitika kwambiri kwa anthu a khungu lakuda, imayenda m'magazi a pabanja, ndipo imakonda pachifuwa, pamapewa, kumtunda kwa msana, m'nsagwada ndi pakhutu pomwe amaboola ndolo. Ngati inu kapena wachibale munatulukapo chotupa chotere, nenani kadontho kasanachotsedwe. Ngati kuchotsako n'kongofuna kukongola, ndipo kadontho kali pachifuwa, ine ndinganene kuti ganizani kawiri, chifukwa keloid ikhoza kukhala yaikulu ndi yosautsa kuposa kadontho kaja. Mukaona chipsera chikutukuka ndi kuyabwa, musadikire chikule. Jakisoni wa mankhwala ochepetsa kutupa otchedwa steroid, monga triamcinolone, wobayidwa m'chipseramo amagwira bwino akayambidwa msanga. Kungoidula keloid popanda chithandizo china nthawi zambiri kumaibweretsanso, mwina yokulirapo.

Dzuwa lili ndi vuto lanji pa chipsera?

Khungu latsopano likawombedwa ndi dzuwa limada kuposa lozungulira, ndipo kudako kumatenga miyezi yambiri kuti kuzilale. Khungu lakuda ndilo limachita zimenezi kwambiri, ndiye musaganize kuti nkhaniyi ndi ya anthu oyera okha. Phimbani ndi chovala, chipewa kapena pulasitala. Bala likapola, pakani mafuta oteteza ku dzuwa olembedwa kuti SPF 30 kapena kuposerapo kwa miyezi 6 mpaka chaka.

Bala langa likuchedwa kupola. Chavuta n'chiyani?

Bala longometa limatenga sabata imodzi mpaka itatu, koma la kumunsi kwa mwendo limachedwa kuposa pamenepo, chifukwa magazi amavutika kubwerera kuchokera kumeneko ndipo mwendo umatupa. Kuukweza mukakhala kumathandiza. Fodya amafinya mitsempha ya magazi n'kuchepetsa mpweya wofika pabala, choncho kusiya ngakhale kwa masabata ochepa okha kumapindula. Shuga wokwera, mankhwala a steroid akumwa nthawi yaitali, kuchepa kwa chitetezo cha m'thupi ndi ukalamba nazonso zimachedwetsa. Ngati patha masabata atatu kapena anayi bala osachepa, kapena likukulirakulira, bwererani kuchipatala.

Anati kadontho apita nako ku labotale. Ndiyenera kutsatira?

Inde, ndipo pa zonse zimene zili pano, ichi musachiphonye. Anthu amasamala bala mwakhama, likapola n'kuiwala kuti panali chifukwa chimene anachotsera kadontho. Ku labotale amakayang'ana pa makina okulitsa zinthu kuti aone ngati muli maselo a khansa ya pakhungu, makamaka melanoma, ndiponso ngati kanachotsedwa konse. Zotsatira nthawi zambiri zimatuluka pakapita sabata imodzi kapena ziwiri, pena kupitirira. Musanachoke, funsani tsiku lake ndi mmene mudzamvere. Tsikulo likadutsa muli chete, musati kukhala chete kwawo ndiye kuti zonse zili bwino. Mapepala amasokera, manambala a foni amalembedwa molakwika. Funsani, ndipo pemphani kope lanu mulisunge.

Timadontho tambiri timapezeka kuti n'tabwinobwino. Akakuitananinso kuti adule khungu lina pozungulira, sizitanthauza kuti zafika poipa. Nthawi zambiri amafuna kutsimikiza kuti sipanatsale maselo okayikitsa m'mphepete. Melanoma yopezeka idakali yosazama imachiritsika mwa anthu ambiri pongoidula. N'chifukwa chakenso kuchotsa kadontho kunyumba ndi lezala, ulusi kapena mankhwala owotcha n'koopsa: kupatula chipsera choipa ndi matenda, palibe chotsala choti akapime, ndipo ngati inali khansa imapitiriza kukula pansi pa chipsera mosaoneka.

Pachipsera payambanso kuda ngati kadontho kakubwerera. Ndide nkhawa?

Zimachitika, makamaka pomwe anangometa, chifukwa maselo ena a kadontho amatsala pansi n'kuyambanso kupanga mtundu pakapita miyezi. Nthawi zambiri si khansa, koma si chinthu choti mugamule nokha pagalasi. Pitani kwa dokotala, mumuuze kuti pamenepo panachotsedwapo kadontho, ndipo mutenge pepala la zotsatira lija. Kadontho kobwerera pachipsera kamatha kuoneka ngati melanoma ku labotale ngakhale kasali, ndiye wopimayo amafunika kudziwa mbiri yake. Fulumirani ngati kudako kwapyola malire a chipsera, kukukula, kuli ndi mitundu ingapo kapena kukutuluka magazi.

Poti mwayamba kale kuyang'anitsitsa khungu lanu, muziyang'ananso kunsi kwa mapazi, pakati pa zala, m'zikhatho ndi pansi pa zikhadabo. Kwa anthu a khungu lakuda melanoma imakonda kubisala m'malo amenewa, ndipo imaoneka ngati banga lakuda lomakula, kamzere kakuda komatambasuka pachikhadabo, kapena kachilonda kosapola.